Masiku Asanu ndi Awiri Amene Ndinabisa Pampu

M'nyumba mwathu, pamwamba pa chitseko, pali chitsononkho chimodzi cha chimanga chimene sindilola munthu kuchikhudza. N'chosaoneka bwino. Njere zake zili apa ndi apo ngati mano a nkhalamba, moti ngakhale anankafumbwe anachilawa n'kuchisiya. Alendo akafunsa za icho, amuna anga a Donasiyano amangoseka n'kunena kuti, "Funsani eni ake." Eni akewo ndine. Ndinachikolola chaka chija mvula inatithawa pakati pa dzinja, koma mipata imene ili pa chitsononkhocho siinabwere ndi dzuwa lokha. Ina ndinaiika ndine.

Ife si a kuno, kwathu ndi ku Phalombe. Tinabwera pa lole tili achinyamata kudzakhala matenanti a fodya, ndipo tinakhala pa esiteti zaka khumi ndi ziwiri, tikudya phoso loyezedwa ndi munthu wina. Titatuluka kumeneko tinapeza kamunda kathu pakati pa Mitundu ndi Nathenje, kotsetsereka, kumtunda kouma, kumunsi kokhudza dambo komwe kuli kachitsime. Tsiku limene tinalowa ndinalumbira kuti lole ya esiteti sindidzaikweranso, ndipo mwana wathu Chisomo sadzasoka fodya nthawi ya sukulu. A Donasiyano sanalumbire. Anangoti, "Tikakolola tikhala, tikapanda kukolola tibwerera." Chaka chimene ndikusimbachi chinali chachitatu, ndipo m'nkhokwe munali mutatsala pang'ono kuoneka pansi.

Novembala

Mvula yobzalira inagwa kumapeto kwa mwezi, ndipo tinabzala munda wonse masiku atatu, kuyambira kumtunda mpaka kudambo. Tsiku lachinayi m'mawa kunafika kabaza atanyamula mayi ndi zitsulo.

Mayiyo anali Asiyatu, mwana wa Che Mdoka amene ali ndi golosale pa Mitundu. Pakhonde pa golosaleyo ali ndi kathebulo kake pamene amakonza mafoni, mawailesi ndi masola, mpango uli kumutu, mwana ali kumbuyo. Amuna anga ankati akapita kukatchaja foni kumeneko amabwera dzuwa litapendeka, chifukwa iwonso ndi munthu wa zitsulo. Pa esiteti njinga zonse ankakonza ndi iwo.

Asiyatu anatsitsa wilo la njinga lopanda tayala, paipi yaitali, chingwe, kamota kakuda ndi mafuta, ndi sola yosweka pakona.

"Amayi, ndabwera kudzapempha chitsime chanu," anatero.

"Chitsime sichinyamulika, mwana wanga."

"Ndikufuna ndiyeserepo pampu yanga. Ikagwira ntchito ikhala yanu. Ikakanika mudzandiseke."

"Zimenezi ndiye pampu? Ine ndimayesa mwachita ngozi m'njiramu."

Anaseka, koma manja ake anali atayamba kale ntchito. Kamotako kanali kopukutira galasi la lole. Sola ikalandira dzuwa, kamotako kankazunguza wilo, wilo n'kumakoka chingwe chodutsa m'paipi, ndipo pa chingwepo panali timphira tozungulira timene tinkakweza madzi. Zimenezo ndinazimva. Chimene sindinamve ndi masipoko awiri a njinga amene anazika pakati pa mizere, atawalumikiza ndi waya ku matumbo a foni yakale m'kabotolo. Anati masipokowo amamva nthaka. Ikauma pampu imadzuka yokha, ikanyowa imagona, kuti chitsime chisaphwe.

A Nambewe, mnansi wathu wa kumtunda, anaimirira m'malire manja ali m'chiuno. "Pampu m'dzinja? Mayi a Chisomo, kumeneku ndiye kusambitsa nsomba!" Ndinaseka nawo, ndipo ndinaseka kwambiri kuposa iwo.

Disembala

Chimanga chinamera bwino, tinapalira, tinathira kafeteleza kathu kochepa. Mvula inkagwa, pampu inkangogona. Ikati idzuke inkalira kwe-kwe-kwe ngati nkhanga, chingwe n'kuterereka. A Donasiyano ankakhala kuchitsime kuyambira m'mawa, akuimanga apa, akuimasula apo, akuiyankhula. Ndinaitcha mkazi mnzanga, ndipo dzinalo linafika mpaka pa Mitundu.

Tsiku lina ndinapeza patapata langa limodzi lokha pakhomo. Ndinafunafuna, ndinanamizira galu wa a Nambewe, kenako ndinapita kuchitsime. Ndinapeza amuna anga akulidula timagawo tozungulira ndi mpeni.

"Bambo a Chisomo, mwayamba kuvula mkazi wamkulu kuti muveke wamng'ono?"

"Mphira ya tayala ndi yolimba, mayi, ikukanirira m'paipi. Iyi ndi yofewa. Taonani."

Anamanga timagawoto pa chingwe, ndipo madzi anatuluka osadukiza kwa nthawi yoyamba. Asiyatu atamva anabwera tsiku lomwelo, nawomba m'manja, nati nzeru imeneyo iye sanaiganize. Ine ndinayenda sabata yonse wopanda nsapato, ndipo palibe anandiwombera m'manja.

Pofika Khirisimasi chimanga cha m'nkhokwe chinatha. Ndinasesa pansi pake n'kupeza theka la lichero. Pa msika faivi lita ya chimanga inkakwera mtengo sabata ndi sabata, ogulitsa n'kumayeza ndi chigubu chophwanyira m'kati. Tinayamba kudya kamodzi, masana tikudzinyenga ndi mango.

Januwale

Mvula inagwa sabata yoyamba, kenako inangoti zii. M'mawa mitambo inkabwera kuchokera cha ku Nkhoma, yakuda bii, tonse n'kuchotsa zovala pa chingwe. Pofika masana inali itabalalika. Sabata inatha, ina inatha. Kutchalitchi tinapempherera mvula, kumzikiti pa Mitundu anapempherera mvula, ndipo kumwamba kunangoti mbee.

Chimanga cha kumtunda chinayamba kupota masamba ngati anyezi, kenako chinayera. Munthu ukadutsa m'munda unkamva kufwofwota ngati ndi mwezi wa Juni. Anthu anayamba kugulitsa. Mbuzi zinkapita pa mtengo wa nkhuku. Bambo wina anafumula malata awiri pa khitchini yake. Amayi ankadzuka mbandakucha kupita kukasaka ganyu mpaka ku Diamphwe, n'kubwera ndi kajumbo ka ufa kaja timati wokumani. Kuchigayo madeya, amene kale tinkapatsa nkhumba, anayamba kuimiridwa pa mzere. Ine ndinauimirira, sindibisa.

Koma kumunsi kwa munda wathu kunali nkhani ina. Dzuwa lomwe linkaotcha kumtunda ndi lomwe linkadyetsa sola. Mkazi mnzanga ankadzuka yekha, kulira kwe-kwe-kwe, madzi n'kuyenda m'ngalande zimene amuna anga anakumba pakati pa mizere. Nthaka ikanyowa ankaima, chitsime n'kupuma, n'kudzazanso. Sanathe kufika munda wonse, chitsimecho n'chaching'ono. Anathirira gawo limodzi mwa atatu, ndipo gawolo linali lobiriwira moti anthu odutsa m'njira ankaima. Asiyatu anabwera, anaima pamene chobiriwira chimakumana ndi chouma, najambula ndi foni yake. Anati aika pa intaneti kuti anzake a zamagetsi aone. Ine ndinati aike kulikonse, bola asajambule mapazi anga.

Kumapeto kwa mwezi amuna anga anakumana ndi kapitawo wa ku esiteti yathu yakale pa msika. Atabwera kunyumba anandifotokozera.

"Akuti malo athu alipo," anatero. "Akuti lole idzabwera mu Ogasiti monga mwa masiku onse."

"Inu mwati chiyani?"

"Ndati ndamva."

Tonse tinayang'ana kudambo. Kachigawo kobiriwira kaja ndi komwe kanaima pakati pa ife ndi lole.

Febuluwale

Mwezi umenewu ndi umene ndimachita nawo manyazi, choncho ndiusimba wonse.

Njala inali italowa m'nyumba. Chisomo anagwa pa mzere kusukulu, aphunzitsi anamubweretsa pa njinga. Ankadya phala la madeya kamodzi patsiku, mwana wa zaka khumi ndi zitatu. Chimanga cha kudambo chinali chitangoyamba kumasula, ngayaye zikutuluka, koma munthu sadya ngayaye. Kuti chikhwime panali miyezi iwiri.

Ndiye panabwera mphekesera. Akuti kukubwera olemba maina a thandizo la chimanga, thumba mwezi ndi mwezi. Akuti akayenda khomo ndi khomo, munda ndi munda. Akuti kwina kwake ku Nathenje anadumpha nyumba chifukwa anaona njinga pakhonde. A Nambewe ndiwo ankabwera nazo nkhanizi zikadali zotentha.

"Amati akaona sola basi, cholembera chimabwerera m'thumba. Nanga inu, ndi chimakina chanucho, ndi munda wobiriwira ngati wa nduna? Adzakulembani ndani?"

Zimenezi kwa ife sizinali zachilendo. Aliyense kuno amadziwa kuti olemba maina akamabwera, wailesi imalowa pansi pa bedi, nkhuku zimapita kwa achibale, munthu umavala chitenje chong'ambika. Si kuba, tinkatero. Ndi kuthandiza mlendo kuti aone bwino umphawi wako.

Lamulungu masana foni inalira. Anali Asiyatu. Anati Lachinayi abwera ndi mlendo wochokera ku Ulaya amene akufuna kuona munda wathu, tikonzeke. Ndinayankha kuti chabwino, ndinadula, ndipo mutu wanga unamaliza wokha samu yonse. Mzungu, munda, chaka cha njala. Kodi mzungu angabwere kudzatani m'munda mwa munthu wosauka, ngati si kudzaona woti amupatse?

Lolemba m'mawa ndinauza amuna anga kuti amasule pampu.

"Mayi, chimanga chikumasula. Ino ndiyo nthawi imene chimafuna madzi kuposa nthawi ina iliyonse."

"Masiku atatu okha. Chifote pang'ono, nthaka iume pamwamba, akachoka tibwezeretsa."

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mayi. Wa pachala ndi wa mphepo."

"Miyambiyo kauzeni Chisomo, akhute nayo."

Mawu amenewo anawalasa, ndipo ndinawalankhula dala kuti awalase. Anatenga sipanala. Tinanyamula wilo, paipi, sola ndi kabotolo ka masipoko n'kuziika m'nkhokwe yopanda kanthu ija, ndipo ndinafunditsa udzu pamwamba. Ngalande ndinazikwirira ndi khasu ndekha.

Lachiwiri chimanga chinali bwinobwino. Lachitatu masana masamba anayamba kupota, ndipo ine, Mulungu andikhululukire, ndinakondwa. Lachinayi ndinavala chitenje changa chakale kwambiri, ndinakhala pakhonde mpaka dzuwa kulowa. Mlendo sanabwere. Asiyatu anatumiza uthenga kuti mlendo wadwala m'mimba, abwera Lolemba.

"Tibwezeretse," anatero amuna anga.

M'mawa mwake ndinathamangira kwa a Nambewe. "Musayerekeze," anatero iwo. "Amatero dala anthu amenewa. Amanena Lolemba n'kutulukira Loweruka, kuti akugwireni." Ndinaganiza zomuimbira Asiyatu kuti ndimufunse, koma ndinadziwa kuti akamva zimene ndachita andikalipira, ndiye sindinaimbe. Munthu ukamaopa kufunsa, ndiye kuti yankho ukulidziwa kale.

Lachisanu ngayaye zinayamba kuyera. Loweruka ndevu za chimanga, zimene zimayenera kukhala zonyowa ndi zomata, zinali zouma ngati za mbuzi. Sindinapitenso kumunda. Lamulungu ndinapita kutchalitchi ndekha, amuna anga anati mutu ukuwapweteka. Ndinagwada n'kupempha mvula, ine amene ndinali nditatsekera madzi m'nkhokwe.

Lolemba cha m'ma naini galimoto inaima pa msewu. Anatsika Asiyatu ndi mayi wachizungu wa imvi, wovala chipewa chakutha. Dzina lake linatipinda lilime, tinangomutcha mayi Marita. Pondipatsa moni ndinadabwa ndi dzanja lake, linali lokhakhala ngati langa.

Ndinawatsogolera kumunda ndikuyenda pang'onopang'ono ngati wodwala, ndipo tisanafike ndinayamba mawu amene ndinali nditawakonza sabata yonse. "Muwauze kuti kuno tili pa moto. Tilibe kalikonse. Mwana wanga anagwa kusukulu, munda ndi umenewu mukuuonawu..."

Asiyatu sanamasulire. Maso ake anali pa chitsime.

"Amayi, pampu ili kuti?"

"Pampu yanji?"

"Yabedwa?"

Ndinayang'ana pansi. Amuna anga ndiwo anayankha, motsitsa mawu. "Ili m'nkhokwe."

"M'nkhokwe! Kuyambira liti?"

"Lolemba lapitalo."

Asiyatu anagwira pakamwa. Anayang'ana chimanga, anayang'ana chitenje changa, ndipo ndinaona kuti wamva zonse. Misozi inalengeza m'maso mwake, ya ukali. "Amayi, mayi awa akwera ndege usiku ndi usana kudzaona pampu imeneyo. Anaona kanema uja ndinajambula. Sanabwere kudzalemba maina. Mwapha chimanga chanu chifukwa cha thumba limene kulibe!"

Ndikanakonda nthaka ikanang'ambika. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada, ndipo ine ndinagwa pamaso pa mlendo.

Mayi Marita sanadikire kumasuliridwa. Anali atagwada kale pakati pa mizere, akufukula nthaka ndi zala. Anaimirira, anatambasula tsamba lopota, anagwira ndevu za chimanga n'kuzifikisa. Anafunsa funso lalifupi, Asiyatu anaonetsa zala zisanu ndi ziwiri. Mayiyo anapukusa mutu monga amachitira mlimi aliyense, kenako ananena mawu ena akuloza kumudzi.

"Akuti zokamba tikamba pambuyo," anatero Asiyatu. "Akuti tiyeni tikaitenge, dzuwa likupita."

Anthu a m'mudzi mwathu mpaka lero amasimba za tsiku limene mzungu anatuluka m'nkhokwe mwathu udzu uli m'tsitsi, wilo la njinga lili paphewa. Ine ndinasenza sola. A Nambewe anasuzumira pa mpanda.

Amuna anga anamanga pampu yonse ola lisanathe, ine ndikufukula ngalande zimene ndinakwirira. Masipoko atangolowa m'nthaka, mkazi mnzanga anadzuka, kwe-kwe-kwe, madzi n'kuyamba kuyenda. Sindinamvepo nyimbo yokoma ngati imeneyo.

Mayi Marita anakhala pansi pa matope ndi kabuku, n'kuyamba kufunsa. Chingwe chikaduka mumatani? Madzi akakhala a matope? Timphira iti n'ta chiyani? Mafunso ena Asiyatu ankayankha, koma ambiri ankati, "Afunseni bambowa, ndiwo amakhala nayo." Amuna anga ankayankha mwamanyazi poyamba, kenako anamasuka, anayamba kugwira dzanja la mlendo n'kuliika pa chingwe kuti amve kulimba kwake. Atafika pa nkhani ya patapata, mayiyo anaseka mpaka kutsokomola, n'kulemba.

Tili pamthunzi ndinalimba mtima. "Mwana wanga, tawafunsa. Kwawo kuli chilichonse. Zitsulo zathu zotolazi akufuna atani nazo?"

Yankho linali lalitali, ndipo Asiyatu ankamasulira pang'onopang'ono. Mayiyo anali mlimi wa mitengo ya zipatso. Kwawonso mvula inayamba kuzemba, zitsime zikutsika, ndipo madzi othirira amachita kuwagawira. Pampu ali nayo, yaikulu, yodula, koma ndi yotseka. Ikawonongeka saloledwa kuitsegula, amadikira munthu wa kukampani abwere ndi kompyuta. Chilimwe china anadikira masabata awiri, mitengo yake yaing'ono n'kuuma iye akuona. Alimi anzake ang'onoang'ono ataona kanema wa Asiyatu anasonkherana kuti iye abwere adzaone ngati n'zoona kuti kuli pampu imene imamva nthaka, yosafuna batire, imene mwini wake angaikonze ndi mpeni. Ankafuna Asiyatu awaphunzitse, ndipo anali okonzeka kulipira ngati mmene munthu amalipirira sukulu.

"Ndiye chimanga sanabweretse?" ndinafunsa. Njala ilibe ulemu.

"Ayi, amayi. Abwera kudzaphunzira."

Akulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Uyu anadza kudzabwereka kathu, ndipo anatipeza titakabisa.

Pochoka mayi Marita anandigwira dzanja nthawi yaitali. Sanandiseke, sanandilangize. Anati iyenso akanakhala ndi mwana wanjala sakudziwa chimene akanachita. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga patapata lija linatsala lokha, ndinamupatsa kuti akayambire pampu ya kwawo. Analilandira ndi manja awiri.

Atapita, amuna anga anakhala pa chitsime akuyang'ana madzi. "Zaka khumi ndi ziwiri pa esiteti," anatero, "azungu ogula fodya ankabwera, mabwana ankabwera. Palibe ndi mmodzi yemwe anandifunsapo kuti, izi mumachita bwanji?" Za masiku asanu ndi awiri aja sananene kanthu, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Ndikanakonda akanandikalipira, zikanapepuka.

Malichi

Mvula inabwerera sabata yachiwiri, itachedwa ngati mboni yobwera mlandu utatha. Kumtunda kunalibe choti ipulumutse, tinangobzalako mbatata. Kumunsi chimanga chinatambasula masamba, chinabereka, koma ndinkaopa kusenda ndi chimodzi chomwe.

Olemba maina enieni anabwera mwezi umenewu, atsikana awiri otopa, wapansi. Anatipeza kumunda, pampu ili pambali pawo, sola ikuwala. Ndinaima pomwepo. Anafunsa kuti tilipo angati, tikudya kangati patsiku, m'nkhokwe muli chiyani. Ndinayankha zoona zokhazokha. Anatilemba. Za sola sanafunse, kupatula mmodzi amene anapempha kuti timulozere kwa Asiyatu chifukwa mayi ake ali ndi dimba. Thumba linabwera kamodzi kokha, koma linatiwolotsa, ndipo Chisomo anasiya kuona chizungulire.

Asiyatu anakhala masabata awiri osabwera. Ndinapita ndekha pa Mitundu ndi maungu awiri oyamba, ndinaima pa kathebulo kake ngati mwana wa sukulu.

"Mwana wanga, ndinakuchititsa manyazi."

Anapitiriza kuwotcherera waya. Kenako anati, "Amayi, chinandipweteka si manyazi. Ndimapanga zinthu, anthu amaziseka chifukwa si zochokera kunja. Inu munaiona ikugwira ntchito, koma munaibisabe ngati chinthu chakuba."

Che Mdoka, bambo ake, anatuluka m'golosale, anatenga maungu aja, nati, "Asiyatu, munthu wamkulu akabwera yekha ndi miyendo yake, nkhani yatha. Apatse mpando." Anandipatsa mpando, ndipo Loweruka lotsatira anabwera kudzaona chitsime cha a Nambewe, amene tsopano ankati iwo anadziwa kuyambira pachiyambi kuti pampuyo ndi yabwino.

Meyi

Tinakolola sabata yachiwiri. Chitsononkho choyamba chimene ndinasenda ndi chimene chili pamwamba pa chitseko chija. Chachiwiri chinali chimodzimodzi, chachitatu chimodzimodzi. Ndevu zimene zinauma masiku aja sizinagwire, ndipo paliponse pamene ndevu inauma panatsala mpata. Ndinakhala pansi pakati pa mapesi n'kulira mokweza, osasamala za odutsa.

Amuna anga anandisiya ndilire, kenako anandiitana kumapeto kwa munda, kuseri kwa bango. Kumeneko kunali mizere isanu ya chimanga chodzaza mpaka kunsonga.

"Izi bwanji?"

"Mutu uja unkandipweteka Lamulungu lija," anatero akukanda m'khosi. "Ndi Lachisanu lomwe, muli kwa a Nambewe. Ndinkathirira ndi keni, ndinaibisa m'bangomu."

Ndinawamenya ndi phesi, ndikuseka ndi kulira nthawi imodzi. Mizere isanu imeneyo ndiyo inatipatsa mbewu.

Chodzaza ndi cha mipata chomwe, titatonola, chinakwana matumba oti n'kutifikitsa mu Okutobala. Chikanapanda kusowa madzi chikanatifikitsa mu Januwale, ndipo masamu amenewo ndimawadziwa bwino, safuna wondikumbutsa. Koma anansi athu ambiri sanalowetse ndi dengu lomwe. Titangochotsa mapesi tinabzala china pomwepo, cha dimba, pampu ikuthirira.

Ogasiti

Asiyatu anabwera ndi foni m'manja akumwetulira. Anali atayamba kuphunzitsa alimi aja pa foni Lachitatu lililonse, ndipo amuna anga ankapita kukakhala pambali pake ndi malaya a kutchalitchi, kuyankha za chingwe. Ndi malipiro ake anagula makina owotcherera, ndipo mapampu ena anayi anali atayamba kale kulira m'madambo a kuno, imodzi kwa a Nambewe. Tsiku limenelo anandionetsa kanema. Munali phiri louma, mitengo m'mizere, mayi Marita ndi chipewa chake chakutha, ndi wilo la njinga likuzungulira. Anayandikiza foni pa chingwe. Timphira tobiriwira tinkakwera m'paipi kamodzikamodzi, ndipo ndinatizindikira. Patapata langa linafika ku Ulaya mwini wake asanaone ndi bwalo la ndege lomwe.

Lole ya esiteti inabwera kumapeto kwa mwezi monga ananenera. Inaima pa Mitundu tsiku la msika, ndipo mabanja anakwera ndi mitolo, mapoto ndi ana. Ena ndinkawadziwa, ndipo sindinawaweruze, chifukwa ndikudziwa kufupika kwa mtunda umene unali pakati pa ine ndi iwo. Ife tinali pakhonde pa Che Mdoka, amuna anga akudula paipi. Kapitawo anawaona.

"Donasiyano! Sukwera?"

Amuna anga anaimirira, anavula chipewa monga anazolowera zaka khumi ndi ziwiri, kenako anachivalanso.

"Pitani bwino, akapitawo. Lachitatu ndili ndi ophunzira."

Lole inanyamuka, fumbi linatsika, ndipo ndinapeza kuti ndagwira mkono wa Chisomo mwamphamvu moti anadandaula. Ndimathokoza Mulungu chifukwa cha chaka chimenecho, ngakhale chinali chowawa. Ndimathokoza Asiyatu amene anabwerera, mlendo amene sanandiseke, ndi bambo wa mutu wopweteka amene anabisa keni m'bango.

Titafika kunyumba ndinatenga chitsononkho cha mipata chija ndinachipachika pamwamba pa chitseko, pamene ndimachiona potuluka. Alendo amabwerabe, ena a ku Nkhoma, ena a maiko amene sinditha kuwatchula. Ndikamva kuti akubwera ndimasesa pabwalo, ndimavala chitenje changa chabwino, ndipo ndimatsikira kudambo ndi kansalu konyowa kukapukuta sola kuti aione ali patali.